Ndalanditsa Enelesi Mitu ya Chambo

Abale anga, sabata ino ndapalamula. Sindinabe kanthu, ndipo sindinanyoze chipani cha munthu. Ndangoyamikira chakudya basi. Koma mwana wa mlongo wanga akundiyang'ana ngati ndine mbuzi imene yamudyera chimanga pa mphasa.

Mwanayo ndi Enelesi. Ali ndi zaka makumi awiri, ndipo chaka chino analembedwa ntchito yoperekera zakudya pa hotela ina ku Senga Bay. Dzina la hotelayo ndilisunge, pakuti ndawononga kale zokwanira.

Nkhani inayamba Loweruka, pamene kunyumba kwanga kunatulukira Daisoni, mnzanga amene tinkakhala naye desiki imodzi ku pulayimale. Masiku ano amakhala ku Lilongwe. Chibwerere matipate, Daisoni anasiya kugulitsa matayala akale, anagula masuti awiri, ndipo iye amatchula aliyense kuti "anthu anga". Akuti chisankho chikubwerachi nayenso aima.

"Aphunzitsi, kwerani galimotoyi," anatero. "Lero mukadyere pa malo ooneka."

Ine ndimaphunzitsa Sitandade 6 pano pa boma. Ku nyanja ndimapitako kukagula usipa, koma m'hotela ndinali ndisanalowemo. Ndinamuuza kuti tipite kumene kumagwira ntchito Enelesi. Ndinkafuna mwanayo aone kuti amalume ake nawonso amakhala pa tebulo la nsalu yoyera.

Tinafika wani koloko itadutsa, dzuwa likuswa mtengo. Enelesi anatilandira atavala bulauzi yoyera, siketi yakuda, ndi nsapato zimene zinkaoneka kuti zikumuluma. Anatipatsa moni wa Chingerezi ngati sanationepo chibadwire. Poika matambula pa tebulo anawerama pang'ono n'kunong'ona kuti, "Amalume, chonde musandichititse manyazi."

Ndinaseka. Manyazi anji, ine mphunzitsi?

Anatipatsa menyu. Chingerezi ndimaphunzitsa ndithu, koma chimene chinalembedwa mmenemo sichinadutsepo m'kalasi mwanga. Daisoni anayendetsa chala pa pepalalo ngati akufufuza dzina lake pa zotsatira za mayeso, kenako anati, "Fileti."

"Inenso chomwecho," ndinatero msangamsanga.

Inu awerengi, munaionapo fileti? Akuti ndi chambo. Koma mutu palibe, mchira palibe, ngakhale munga umodzi woti uchitire umboni. Kanangobwera kachidutswa koyera ngati sopo wochapira wotsala theka, pambali pake tchipisi, kandimu, ndi tsamba limodzi limene mbuzi yanga ikanalidutsa osacheuka. Ndinalimbana nako ndi foloko ndi mpeni. Daisoni ankatafuna pang'onopang'ono akugwedeza mutu, koma maso ake ndimawadziwa kuyambira tili ana. Sankamva kukoma kulikonse.

Tili mkati molimbana choncho, mphepo inatembenuka. Kunabwera fungo, abale. Anyezi, tomato, kambuzi, ndi nsomba yeniyeni, yokhala ndi kwawo. Ndinanamizira kufuna kuchimbudzi, n'kutsata mphuno yanga.

Kuseri kwa khitchini kuli mtengo wa mango. Pansi pake panakhala antchito asanu pa makireti, onse atavula nsapato. Pakati pawo panali beseni lodzaza mitu ya chambo, ikusambira mu msuzi wofiira, ndi poto wa mpunga. Inali nthawi yawo yopuma. Enelesi anali pomwepo, miyendo atatambasula, zala za kumapazi akuzigwedeza ngati zangotuluka ku ndende.

Atandiona anatsamwa. "Amalume! Kuno n'kwa antchito."

Bambo wina wachikulire wa kofia yoyera anaseka. Anali a Saidi, akhukhi aakulu a pa hotelapo. "Msiyeni mlendo," anatero. "Mphuno yamubweretsa yokha. Bisimila, aphunzitsi, sambani m'manja."

Anandifotokozera kuti alendo ambiri a pa hotelapo, makamaka azungu, safuna kudya nsomba ikuwayang'ana. Choncho chambo chikafika m'mawa, amachotsa mnofu wokhawokha, mitu n'kutsala. Kale inkapita kudzala. A Saidi ndiwo anayamba kuiphikira anzawo, ndipo mabwana sankafunsa, pakuti kwa iwo zinali zinyalala.

Enelesi anandisankhira mutu waukulu n'kuyamba kundiphunzitsa ine mphunzitsi. Akuti umayamba ndi masaya. Kenako umapita pansi pa khosi, pamene pali kamafuta. Diso umadya limodzi, linalo n'kusunga. Ubongo ndi womalizira, ndipo poyamwa ubongo sulankhula ndi munthu.

"Tsiku lonse ndimamwetulira anthu amene sandiona n'komwe," anatero akunyambita chala. "Wina akuti supu wazizira, wina akuti watentha. Koma ndikakhala pano, nsapato ndavula, mutu wanga wa chambo uli m'manja, ngakhale abwana ataitana ndimamva ngati akuitana munthu wina wa ku Khombedza."

Ndinalawa. Sindinama, ndinatsinzina.

Munthu wanzeru akanadyera pomwepo, kupukuta pakamwa, n'kubwerera kwa mnzake mwakachetechete. Koma ine ndinaganiza za Daisoni, mnzanga wa ubwana, akuzunzika yekha ndi sopo uja. Ndinatenga mbale, kuikamo mitu iwiri, n'kunyamuka.

"Amalume, dyerani konkuno!" anakuwa Enelesi.

Sindinamvere. Ndi liti malume anamverapo mwana wa mlongo wake?

Nditakhala pa tebulo ndinakankhira foloko kumbali n'kuyamba ndi masaya monga anandiphunzitsira. Daisoni anayang'ana uku ndi uku. "Aphunzitsi, pali azungu pano," ananong'ona. Ndinamukankhira mutu winawo. Anautsina pang'ono ngati akuopa kuti umuluma. Anatsinanso. Kenako anavula jekete, kupinda malaya, ndipo posakhalitsa chipinda chonse chinamva mmene munthu wofuna kukhala phungu amayamwira ubongo wa nsomba.

Pa tebulo loyandikana nafe panali abambo atatu amene anabwera ku semina. Mmodzi anakweza dzanja. "Achimwene, ifenso mutipatse zimene akudya awo." Woperekera zakudya amene anali mkatimo anathamangira kukaitana amanijala. Amanijalawo, mnyamata wa tayi yofiira, anabwera akupepesa kuti zimenezo sizili pa menyu.

Apa ndi pamene Daisoni anaona msonkhano. Anaimirira, msuzi uli pa chibwano.

"Bwana manijala, nthawi yodya zimene atisankhira ena inatha! Dziko lino tinavota. Anthu anga akufuna mitu!"

Anthu a semina aja anaomba m'manja. Mzungu wina, amene sanamve liwu ndi limodzi lomwe, naye anaomba. Amanijala anamwetulira, n'kulowera kukhitchini, ndipo patapita kanthawi mitu inayamba kutuluka m'mbale zoyera, uliwonse ndi kandimu kake pambali. Ine ndinabwerera kunyumba chifuwa chili patsogolo. Ndinawauza mayi a kunyumba kuti tsiku limenelo ndinamasula Amalawi anzanga ku ukapolo wa foloko.

Sindinadzifunse kuti mitu imeneyo yachokera m'beseni la yani.

Lachitatu ndi tsiku limene Enelesi amapuma. Amakwera matola kubwera kwathu, ndipo amafika ndi nkhani zodzaza thumba. Amatiseketsa poyerekeza mayendedwe a alendo, n'kuvala thalauzi lake la pa kaunjika limene amalisunga kwathu chifukwa mayi ake sanamvebe kuti lamulo loletsa akazi mathalauzi linatha. Lachitatu lino anafika, kugwada, kupereka moni kwa azakhali ake mwaulemu wonse. Ine anangonditaya ndi "Mwaswera", maso ali kumbali. Thalauzi sanalifunse n'komwe.

"Kwagwanji, mwana wanga?"

"Palibe, amalume. Kungoti mitu yanu ikuyenda malonda."

Anafotokoza. Loweruka lomwelo beseni lonse linapita kwa alendo, iwo n'kudya mpunga ndi msuzi wotsalira. Lolemba amanijala analemba mitu ija pa bolodi la pakhomo ndi choko, ataipatsa dzina lalitali la Chingerezi. Tsopano mutu uliwonse ndi wa hotela. Antchito awabwezera ku nyemba.

"Ndiye amanijala anandiyamikira pamaso pa anzanga onse," anapitiriza. "Akuti banja lathu lili ndi nzeru za bizinesi. Mukudziwa dzina limene andipatsa kukhitchini? Akunditchula kuti Amalume. Ndikalowa, wina amati, 'Bisani mbale, Amalume afika.' A Saidi, amene ankandisungira mutu waukulu, dzulo angondipatsa chikombe cha nyemba n'kunena kuti, 'Alihamudulila, izi ndiye abale ako sazifuna.'"

Azakhali ake anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Enelesi sanaseke. Pamenepo ndinazindikira kuti si nkhani ya ndiwo chabe. Mwanayu amakhala kutali ndi kwawo, ndipo anthu a pansi pa mango aja ndiwo abale ake a tsiku ndi tsiku. Ine ndinamudanitsa nawo ndi mbale imodzi.

Tsono tiyeni tikambirane, inu ndi ine, ife amene timavala nsapato popanda wotikakamiza.

Tili ndi kakhalidwe kena koseketsa. Tikakhala pa malo apamwamba sitisankha chimene mtima ukufuna. Timayang'ana mbale ya mnzathu n'kunena kuti "inenso chomwecho". Timadya zosakoma ndi nkhope ya ulemu. Koma tikangoona munthu wapansi akusangalala ndi kanthu kake, kamene dzulo tinkakatcha zinyalala, mtima umatiuza kuti kameneko kanayenera kukhala kathu.

Pitani pa kaunjika tsiku la msika. Zovala zimenezi tinkati n'za amphawi, tinkadutsa titakweza mphuno. Lero belo likamatsegulidwa, ali patsogolo ndani? Ndi ife a m'maofesi, ndipo mayi wa kumudzi amapeza zotsala zong'ambika m'khwapa. Pitani ku gombe. Pamene amayi ankachapira ndi asodzi kuyanika maukonde panali pa mchenga wamba, mpaka tsiku limene munthu wa galimoto anaima n'kunena kuti, "Koma pano m'pokongola!" Chaka chotsatira pali mpanda.

Mawu amenewo, "koma izi n'zokoma", akatuluka m'kamwa mwa munthu wa tayi, wosauka ayambe kulongedza.

Ndiye wolakwa ndani? Amanijala ntchito yawo ndi kugulitsa. Anthu a semina anaitanitsa chimene anachikonda, si ufulu umene tinkaufuna umenewo? Daisoni analankhulira anthu ake, kungoti sanafunse kuti anthu akewo ndi a mbali iti ya khoma la khitchini. Aliyense ali ndi chifukwa chomveka bwino. Koma Enelesi akudya nyemba.

Ufulu wolankhula tinaulandira ndi manja awiri, ndipo sindikufuna ubwerere kumene unachokera. Ndikungoti pakamwa pamene patsegulidwa posachedwa pali ngati mwana amene wangophunzira njinga. Amagunda ngakhale anthu a kwawo.

Paja amati mutu ukakula sulewa nkhonya. Lachinayi nditaweruka ndinakwera matola kupita ku Senga Bay kukakonza zimene ndinawononga. Amanijala anandilandira ngati mlamu wawo. Anandikhazika pa mpando wa khushoni, kundiitanitsira chakumwa chozizira. Ndinawapempha kuti mwina mitu ina, ngakhale ing'onoing'ono, izitsalako ya antchito.

"Aphunzitsi, ikutha yonse," anatero akuseka. "Dzulo ena achita kukanganirana womaliza." Kenako anasendeza mpando n'kutsitsa mawu. "Koma inu muli ndi diso. Tandiuzani, kuseri kuja munaonanso chiyani chimene anyamatawa amadya?"

Ndinayang'ana tayi yofiirayo. Ndinamwa chakumwa changa mpaka pansi.

"Sindinaone kanthu, bwana."

Chiyambire kulemba m'nyuzi muno, aka kanali koyamba kuti ndifunsidwe maganizo n'kukhala chete.

Potuluka ndinazungulira kuseri kuti ndikapepese kwa a Saidi ndi anzawo. Ndisanafike pa mango paja, fungo lina linandipeza. Silinali la mitu, koma linali fungo loti munthu ukhoza kuiwala dzina lako. Atangomva mapazi anga, ndinamva chivindikiro chikugwa pa poto, gwa! Nditatulukira, anthu asanu anali atakhala phee pa makireti awo, manja kumbuyo, ngati ana anga a Sitandade 6 ndikalowa m'kalasi mwadzidzidzi.

Ndinavula chipewa n'kupepesa. Ndinati ndinalakwa, ndipo mwanayu asamuzunze chifukwa cha uchitsiru wa amalume ake. A Saidi anati, "Zatha, aphunzitsi. Munthu salakwira mtengo." Anatembenukira kwa Enelesi. "Iwe, aperekeze amalume ako. Gawo lako tikusungira."

Enelesi anavala nsapato n'kundiperekeza mpaka pa msewu. Nkhope yake inali itamasuka, ndipo milomo inkanyezimira mafuta. Ndinayesa kudzigwira, koma mphuno inandikakamiza.

"Mwana wanga, m'poto muja muli chiyani?"

Anandiyang'ana m'maso, osaphethira.

"Nyemba, amalume."

Ndakhala ndikudya nyemba zaka makumi anayi ndi zisanu, za mtundu uliwonse, ndipo palibe ngakhale imodzi imene inanunkhirapo choncho. Koma ndinangoti, "Zikomo, muzidya bwino," n'kuimitsa matola.

Inu mukanafunsanso kachiwiri?