Mpeni wa Misomali Itatu

Ndinataya mkazi wanga. Ndinataya mwana wa miyezi isanu amene anali m'mimba mwake, tisanamupezere ndi dzina lomwe. Zitenje zake, mapoto, makina osokera ndi kamtondo kosinjira nsinjiro zinapita kwawo tsiku logawa katundu. Ndinataya mbali ya kukhoma ya bedi lathu, pakuti sindigonako. Ndinataya munthu wondiseka.

Zinatsala ndi izi: nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba yaikulu ku Area 11, ntchito yanga ya mu ofesi ku City Centre, ndi mpeni wopanda chigwiriro m'kabati ya kukhitchini. Ogawa katundu anautulutsa, anauyang'ana, n'kuubwezeramo.

Mpeni umenewo ndinagula ndine, mwezi woyamba wa ukwati wathu. Unali wonyezimira ngati galasi, wa chigwiriro chofiira, ndipo ndinabwera nawo monyada. Sindinaganize kuti ndakwatira mwana wa munthu wa mipeni. Apongozi anga anagulitsa nyama ya mbuzi pa msika wa kwawo, cha ku Mitundu, mpaka maso atayamba kuwavuta. Mkazi wanga anakula akugwira miyendo ya mbuzi bambo ake akusenda. Ine ndinakula ndikugwira mabuku, ndipo mpaka lero sindinaphepo ngakhale nkhuku. Mkazi wanga ataulandira mpeniwo anautembenuza, nsonga pansi, nayang'ana kumapeto kwa chigwiriro. Anangouika m'kabati, ndipo anaugwiritsa ntchito zaka ziwiri podula tomato ndi mpiru.

Lachitatu lina madzulo apongozi anatitumizira mwendo wa mbuzi. Mkazi wanga ali mkati molekanitsa fupa polumikizira, mpeni unazuka m'chigwiriro n'kumucheka pachikhatho. Ndinathamanga ndi thonje. Ndinamupeza akuseka, dzanja atalikulunga ndi m'mphepete mwa chitenje, dzanja linalo atanyamula chitsulo chija kuti ndione. Kumbuyo kwake kunali kamchira kakafupi ngati chala chaching'ono. Ndiko kokha kamene kanalowa m'chigwiriro.

"Abwana," anatero, pakuti ankanditchula choncho akafuna kundiseka, "digiri yonse ija, n'kukagula mchira wa mbewa?"

"Unkaoneka wabwino."

"Inenso munandisankha choncho?"

Lachinayi m'mawa ndinapita ku ntchito. Masana mayi a nyumba yaikulu anandiimbira kuti amupeza atagwa pafupi ndi chingwe choyanikira zovala. Kuchipatala anati magazi anathamanga kwambiri. Sanatsegulenso pakamwa. Anamwalira Loweruka m'mawa, ndipo tinakamuika kwawo.

Chaka chinadutsa. Sindidziwa choti ndinene za chaka chimenecho. Ndinkadzuka, kusita malaya, kuyenda wapansi mpaka ku ofesi, kubwerako. Anzanga a ku ntchito anandipepesa sabata ziwiri, kenako anabwerera ku nkhani za mpira, ndipo ndinawathokoza mumtima. Nyama ndinkagula yodulidwa kale.

Mitengo ya jakaranda itayambanso kuyoyola maluwa m'misewu, alamu anga anandiimbira. Ndiwo achimwene ake a mkazi wanga, ndipo amagulitsa mbatata ya kachewere mu msika waukulu wa ku Old Town. Anati akuluakulu akambirana, nthawi yondisudzula yakwana. Ankhoswe a mbali zonse adzakhalapo, adzandiuza pamaso pa anthu kuti ndamasuka, ndikhoza kupita kumene ndikufuna, ndikhoza kukwatiranso.

"Mbuzi ilipo kale, musavutike nazo," anatero. "Koma bambo akuti mubwere ndi mpeni waukulu. Wawo uja watha ndi kunola, wangotsala ngati tsamba la bango. Akuti inu a m'tauni mumadziwa kogula."

Ndinavomera. Panali masiku a Loweruka atatu tsikulo lisanafike.

Sindinauzepo munthu kuti sindinkafuna kusudzulidwa. Makolo anga onse anamwalira ndili ku koleji, ndipo kwathu kunatsala anthu amene timangopatsana moni pa maliro. Khomo limene ndinkafika osagogoda linali la apongozi. Kumeneko ndinali mkamwini, ankandipatsa mpando wa ndalema ndi kundiseka kuti sindidziwa kugwira khasu. Mbuzi ikadzaphedwa, dzina limenelo lidzatha. Ndipo anandipempha kuti mpeni wake ndigule ndine.

Loweruka loyamba ndinakwera minibasi, ndinatsika nditawoloka mlatho, ndinalowa m'sitolo ina ya zitsulo pafupi ndi mzikiti. Mwini wake ndi mmwenye wachikulire wobadwira konkuno, wa Chichewa chosalala kuposa changa cha mu ofesi. Nditanena chimene ndikufuna, anatulutsa mipeni iwiri n'kuiika pa kauntala.

Woyamba unali wautali kuchokera pachigongono mpaka pachikhatho, wonyezimira, wa chigwiriro chakuda cha labala chokhala ndi malo a chala chilichonse. Kumsana kwake kunali mano ngati a sowo. Unali ndi chikwama chake chomangira pa lamba. Anati umenewu amaugula anthu opita kukagona m'matenti ku Dzalanyama, ndi ena amene amangofuna kuti uzikhala m'galimoto.

Wachiwiri unali waufupi pang'ono, wachitsulo chotuwa chosawala, wopanda chikwama. Chigwiriro chake chinali timatabwa tiwiri tomangidwa ndi misomali itatu, ndipo pakati pake chitsulo chinkaoneka, mzere woonda, kuyambira kutsogolo mpaka kumapeto.

Ndinadziwa pomwepo woyenera kugula. Ndiyenera kunena zimenezi poyera, chifukwa kwa sabata ziwiri ndinadzinamiza kuti sindikudziwa. Ndinauza mwini sitolo kuti ndikaganize kaye, ndinatuluka.

Mkati mwa sabata imeneyo, nthawi ya chakudya cha masana, ndinkatsala ndekha mu ofesi kuwerenga za mipeni pa foni. Ndinaphunzira kuti pali chitsulo chosachita dzimbiri koma chovuta kunola, ndi china chochita dzimbiri koma chomvera mwala. Ndinaphunzira za kulemera, za kukhuthala kwa msana, za mpeni wosendera ndi wotemera. Ndinajambula mizere pa pepala, mbali iyi zabwino za uwu, mbali iyo zabwino za uwo, monga ndimachitira ndi malipoti. Sukulu inandiphunzitsa zimenezi bwino: munthu akhoza kuwerenga za chinthu mpaka tsiku lochichita litadutsa.

Loweruka lachiwiri ndinapitanso. Mwini sitolo anandizindikira, anatulutsa mipeni ija ndisanalankhule. Ndinanyamula wonyezimira, ndinauika. Ndinanyamula wotuwa, ndinauika. Kumbuyo kwanga kunabwera munthu wofuna maloko, wina wofuna utoto, anagula n'kumapita. Ine ndili chiimire.

"Achimwene," anatero bamboyo akumwetulira, "mpeni safunsira ayi. Kapena tiitane ankhoswe?"

Ndinaseka nawo, chifukwa sankadziwa. Ndinati ndibweranso.

Ndinabwerera wapansi tsiku limenelo, mtunda wonse, dzuwa likuswa mtengo. Ku Area 11 Loweruka masana kumakhala zii. Mipanda yaitali ya njerwa, mageti otseka, galu kuuwa kuseri kwa khoma osaoneka. Munthu ukhoza kuyenda msewu wonse osapatsa moni aliyense kupatula mlonda amene akuwodzera pa mpando. Kale ndinkakukonda chifukwa cha bata lomweli. Mkazi wanga ankati kuli ngati kumanda kwa anthu olemera, ndipo ankalankhula ndi aliyense: ogulitsa makala, mayi wosesa msewu, ngakhale agalu osaoneka aja. Nditafika kunyumba ndinatulutsa mpeni wopanda chigwiriro uja, ndinayang'ana kamchira kake, ndinaubwezera.

Loweruka lachitatu ndinaima kunja kwa sitolo nthawi yaitali osalowa. Mawa lake ndilo linali tsiku. Ndili pomwepo ndinamva dzanja paphewa. Anali alamu anga, epuloni yodetsedwa ndi dothi la mbatata idakali m'chiuno.

"Alamu! Mukulondera sitolo ya amwenye tsopano? Ntchito ya ku ofesi inatha?"

"Ndabwera kudzagula mpeni uja."

"Lero? Ine ndimayesa munagula kale, mwina mukuunola pa kompyuta." Anandiyang'ana kumaso, kuseka kunachepa. "Mwadya?"

"Ndadya."

"Bodza. Tiyeni tilowe."

Mwini sitolo atationa anakweza manja. "Eya, lero mwabwera nawo ankhoswe aja!"

Alamu anga sanafunse tanthauzo lake. Anayamba ndi wonyezimira. Sanayang'ane kuthwa kwake, sanayang'ane mano a kumsana. Anautembenuza, nsonga pansi, nayang'ana kumapeto kwa chigwiriro, mutu utapendekera kumanzere, mlomo wa m'munsi utatuluka pang'ono. Kenako anagogoda chitsulo ndi chikhadabo n'kuchibweretsa kukhutu.

Ndinagwira m'mphepete mwa kauntala. Kwa chaka chathunthu ndinali nditayang'ana zithunzi zake zonse mpaka kuziloweza, koma palibe chithunzi chimene chinasunga kupendekera kwa mutu kumeneko. Ndinali nditakuiwala. Onse awiri anakuphunzira kwa bambo mmodzi, pa benchi limodzi la nyama.

"Uwu ngwa mafilimu," anatero alamu. "Labala yabisa zonse. Ndani akudziwa kuti chitsulo chathera pati? Mbuzi ikhoza kukusekani." Anatenga wotuwa uja, anautembenuza chimodzimodzi, anayendetsa chala pa mzere wachitsulo mpaka kumapeto. Sananene kuti ndi wabwino. Anangouika patsogolo panga. "Koma ogula ndinu."

Sindinaugwire. Mawu anatuluka okha, motsitsa, ndikuyang'ana mpeni osati iwo.

"Alamu, mukandisudzula mawa, ndidzakhala ndani wanu?"

Mwini sitolo anapita kukasuntha zitini za utoto zimene sizinkafunika kusunthidwa.

"Ndiye nkhani yake ndi imeneyi," anatero alamu. Anapukuta manja pa epuloni ngakhale anali ouma. "Mukudziwa chifukwa chake bambo anati mpeni ubwere ndi inu? Oyandikana nawo ali nayo mipeni, akanabwereka. Anati, mkamwini wanga agule, ukhale pakhomo pano. Ukabuntha azidzaona yekha mmene ndikuunolera. Mawu awo amenewo, sindikuwonjezera."

"Koma mwambo ukatha..."

"Mwambo ndi wa ankhoswe. Akumasulani kuti mukwatire, sakukumasulani kuti musowe. Khirisimasi mukapanda kubwera ndidzakutengani ndekha ndi njinga, ndikukwezeni pamwamba pa matumba a mbatata anthu a ku Area 11 akuona." Anafwenthera, anayang'ana kumbali. "Iyeyo anali mlongo wanga ndisanakudziweni inu. Mukuganiza kuti ine andisudzula ndani?"

Sindikudziwa ngati Khirisimasi zonse zidzakhale monga ananenera. Anthu amalonjeza ndi mtima wonse, kenako zaka zimachita zake. Koma ndinatenga mpeni wa misomali itatu, ndinautembenuza nsonga pansi monga anachitira iwo, ndinayang'ana. Chitsulo chinafika.

"Uwu," ndinatero.

Mwini sitolo anaukulunga m'nyuzipepala, anamanga ndi chingwe, anandipatsa ndi manja awiri. Nthabwala sanaibwerezenso. Panja alamu anandigulira chimanga chootcha n'kuimirira pomwepo mpaka nditadya theka, kenako anabwerera ku mbatata zawo. Anati tikumane pa depoti m'mamawa, ndisavale suti chifukwa ndikagwira miyendo ya mbuzi.

M'minibasi ndinaunyamula pamiyendo. Unali wolemera kuposa mmene unkaonekera. Nditafika ndinauika pa tebulo la kukhitchini osaumasula, ndinakhala pa mpando woyang'ana kukhomo.

Pakhomo pomwepo ndi pamene mkazi wanga anaima Lachinayi lija m'mawa. Ine ndinali nditafika kale pa kageti, chikwama paphewa, ndikuyang'ana nthawi. Dzanja lake lamanja linali lomangidwa bandeji, lamanzere lili pamimba. Ndinamuuza kuti ndikaweruka ndidzera ku Old Town ndikagule mpeni wina, wabwino tsopano. Anapendeketsa mutu kumanzere, akudziletsa kuseka.

"Mukayang'ane kuti chitsulo chafika mpaka kumapeto kwa chigwiriro. Mukakayika, abwana, musiyeni. Tidzagula limodzi Loweruka."