Mzere Umene Atate Sanauteme

Atate ankamenya mpira ali ndi imvi kale. Timu yathu ya ku Kanakantapa inali ya anyamata okhaokha, koma nambala naini anali iwo, munthu wa zidzukulu ziwiri. Akagoletsa, ankafika kunyumba n'kutema kamzere ndi chikwanje pa mtanda wa nkhokwe. Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ankaiwerenga mizereyo ndi chala, ngati kuti imaswana. Ankafuna ikwane handiredi, kenako mpira ausiye.

Kutatsala mzere umodzi, bondo linayamba kukana. Chaka chathunthu chinatha osagoletsa. Amayi ankawathowa ndi madzi otentha uku akuwanena: "Muzafela pa bola imwe, nkhalamba yosamvela." Ine sindinkamva chisoni kapena manyazi. Ndinkangochapa jezi yawo n'kuyanika.

Nthawi imeneyo ndinali nditangokwatiwa kumene ndi mnyamata wa ku Bundabunda, goloboyi wa timu ya kwawo. Ulemu wake unali wosefukira. Akakumana ndi atate panjira ankapatukira m'udzu, n'kugwada, maso pansi, monga achitira mkamwini kwa apongozi.

Anthu atakolola, matimu awiriwo anakumana pabwalo la kusukulu. Chakumapeto ife tinapeza penate, ndipo anyamata anawapatsa atate mpirawo. Anaumenya ndi mwendo wodwala uja. Unangokwawa m'fumbi, woti ngakhale nkhuku ikanauimitsa. Mwamuna wanga sanasunthe. Anaima manja kumbuyo, nkhope kumbali, mpira n'kudutsa pafupi ndi phazi lake.

Bwalo lonse linakuwa, azimayi nthungululu. Atate anangoima pomwepo. Ine ndinali nditanyamula ndowa ya madzi a osewera, ndipo chimene ndimakumbuka n'kulemera kwa ndowayo basi.

Panjira ndinamufunsa mwamuna wanga chifukwa chake. Anadabwa. "Nanga nenze kuchita bwanji? Nibagwilile bola bapongozi pamenso pa bantu?"

Kunyumba amayi anatenga okha chikwanje n'kuwapatsa atate. "Temani, tipumuleko."

"Sininagoletse," anatero atate. "Anipasa chabe."

Chikwanjecho anapita nacho kudimba. Mpira sanaumenyenso. Mkamwini wawo sanamukalipire ngakhale tsiku limodzi, ndipo iye anapitiriza kuwagwadira m'udzu.

Pamaliro a atate nkhuni zinaperewera, amuna n'kugumula nkhokwe yakale ija. Mtandawo unafika kwa ife amene tinkaphika. Ndisanausonkheze, ndinawerenga ndi chala monga ankachitira iwo. Kunali kutatsalabe umodzi.