Msewu pamutu pa mkwati

Alamu anga, amuna awo a achemwali, anali ndi shopu yometera pa Dowa boma, ndipo wometayo ndinali ine. Iwo ntchito yawo inali kukhala pakhomo, kusanjikiza miyendo, n'kumaganiza. Mpaka lero anthu oganiza kwambiri ndimawaopa.

Vuto lathu linali Loweruka. Makina anali amodzi, mpando umodzi, ndiye benchi ikadzaza ena ankatopa n'kuwoloka msewu kupita kwa mnzathu wometa kutsidya. Alamu zinkawapweteka koopsa. Munthu akanyamuka pabenchi ankamuperekeza ndi maso ngati wawabera mbuzi.

Tsiku lina anabwerako ku semina ya mabizinesi ku Lilongwe atadzaza nzeru. "Alamu," anatero, "kasitomala akalowa asatulukenso. Aliyense akangokhala pabenchi, muzimulambula kamsewu pakati pa mutu, kuchokera pachipumi mpaka kunkhongo, kenako muzibwerera kwa amene ali pampando. Ndani angayende pa boma ndi mutu wotero?"

Ndinawafunsa ngati zimenezo anaphunziradi ku seminako. Anati aphunzitsi anangonena kuti kasitomala azigwiridwa, koma kagwiridwe kake anakaganiza okha m'minibasi. Ndinakana, ndinakalipa, mpaka ndinaopseza kuti ndikawanenera kwa achemwali. Koma shopu inali yawo.

Chonyansa n'chakuti zinatheka. Anthu ankaona ngati ndi changu. "Eee, pano ndiye sachedwetsa, kungofika ayamba kale!" Ankakhala phee pabenchi, aliyense ndi msewu wake, n'kumakangana za mpira. Alamu anayamba kudzitcha manejala.

Ndiye linafika Loweruka lina nthawi ya mvula. Pabenchi panali mkulu wa mpingo, wapolisi amene anali pa holide, ndi alimi a fodya, onse olambulidwa kale. Kenako analowa mphunzitsi wina wa ku Dzoole ali wefuwefu, suti ili m'jumbo.

"Achimwene, ndithandizeni," anandiuza. "Ukwati wanga ndi lero masana kutchalitchi. Mungondisalaza m'mbalimu, pamwambapa musiye, mkazi wanga amalikonda tsitsili."

Ndinapempha a pabenchi kuti mkwati adutse, ndipo onse anavomera. Koma alamu anaimirira. "Dongosolo ndi dongosolo. Tikayamba kukondera, bizinesi yafa. Mulambuleni, adikire."

"Alamu, mwamva zimene wanena? Akuti pamwamba tisiye!"

Anandilanda makina, n'kumugwira mkwati pachibwano. Iye ankaganiza kuti manejala akumuchitira ulemu. Makina anayenda bwinobwino kuchokera pachipumi, ndipo atangofika kunkhongo, zii. Magetsi azima.

Kaya munaonapo amuna akuluakulu akuyang'anana mitu mwakachetechete. Tinadikira. Kutsidya nakonso kunalibe magetsi, koma makasitomala a kumeneko ankangonyamuka n'kumapita ndi tsitsi lawo lonse. Mnzathu uja anatulutsa mpando panja kuti ationere bwino, akuseka mpaka kugwira m'mimba.

Mkwati atadziona pagalasi anangoti, "Mayo ine." Kenako misozi. Zinandikhudza kwambiri, ndipo ndinkafuna kuwameza alamu amoyo.

Ndinayesa sizasi kuti ndifananitse, koma msewuwo unali wofika pakhungu, moti ndinangoukulitsa. Alamu anati tipake polishi wa nsapato. Ndinawalozera mvula panja. Anati nanga chipewa? Mkulu wa mpingo anapukusa mutu wake wa msewuwo, n'kunena kuti mwamuna salowa m'tchalitchi ndi chipewa, ngakhale akhale mkwati. Apo wapolisi anafunsa mofatsa kuti lamulo la misewuli anakhazikitsa ndani. Alamu anati akukaona ngati magetsi ayaka kuseri, ndipo sitinawaonenso tsiku limenelo.

Kunatsala njira imodzi basi. Ndinagula lezala pa hokala, n'kutenga sopo ndi madzi, n'kumupala mkwati mpala. Mutu umene unali usanaonepo dzuwa unatuluka wotuwa, makutu ali tang'a. Mkulu wa mpingo anauyang'ana kwa nthawi, kenako anati, "Mwana wanga, kwathu kuno mutu wotere timameta pakagwa maliro. Ukafike ukumwetulira, anthu asadzidzimuke." Mkwati anavala jumbo kumutu, n'kukwera njinga yamoto ya kabaza, n'kulowa m'matope a ku Dzoole.

Ukwati unachitika. Ndinamva kuti azakhali ena a mkwatibwi atangomuona mkwati akutsika panjinga n'kuvula jumbo kumutu anayamba kulira, akufunsa kuti watisiya ndani, ndipo nthungululu zinachedwa kuyamba.

Patapita masabata angapo, m'shopu munalowa mayi wachitsikana wovala bwino, atanyamula chithunzi cha m'felemu. Anafunsa kuti manejala ndi ati. Ndinawaloza alamu ndi manja awiri.

Sanakalipe ayi. Anawaikira chithunzicho pamiyendo. Pachithunzipo mayiyo anali mu velo yoyera, wokongola zedi, ndipo pambali pake panali mkwati uja, mutu ukunyezimira.

"Bambo," anatero, "tsitsi lamera. Koma ukwati ndi umodzi, ndipo chithunzi chathu ndi chimenechi. Ana anga akadzandifunsa kuti kunali maliro a ndani, ndidzawatumiza kwa inu."