Nthuli ya Loweruka

Mbale ija ndikadali nayo. Ndi yachitsulo, yoyera, ya mkombero wabuluu, ndipo pambali pake pali chipsera chakuda pomwe utoto unasupuka. Ana anga ayesa kangapo kuitaya, ati ikuchititsa manyazi pakati pa mbale zadothi, koma ndimakaitola. Anandigulira ndi amalume ku Karonga boma, sabata yomwe ndinkapita kukayamba folomu wani pa sekondale yogonera komweko. Bambo anali atamwalira ndili wamng'ono, choncho za sukulu yanga zonse zinali m'manja mwa amalumewo, omwe ankalima mpunga ku Wovwe.

Amalume sankadziwa kuthokoza mwakachetechete. Ukawapatsa madzi akumwa, mudzi wonse unkamva kuti unaleredwa bwino. Kwa iwo, kuthokoza munthu muli awiriwiri kunali kumubera. Zabwino za munthu zinkayenera kunenedwa pagulu, mwiniwake ali pomwepo, ataimirira kuti onse amuone. Amayi ankawaseka kuti tsiku lina adzathokoza ndi ng'ona yomwe chifukwa chowasiyira mwendo umodzi. Ine ndinkawakonda kwambiri chifukwa cha pakamwa pawo pomwepo.

Masiku amenewo sukulu zinkatsegulira m'chilimwe. Amene sanakhalepo ku Karonga mwezi wa Okutobala asamanene kuti anaona dzuwa. Malata a hositelo ankalira okha masana, mchenga unkaotcha mapazi kudzera m'nsapato, ndipo nyenje zinkasokosera m'mitengo mpaka mutu kuwawa. Kuseri kwa makalasi kunkanunkha mango ogwa okha, ophwanyika, odzaza ntchentche. Sabata yonse tinkadya nyemba za anankafumbwe, tikuwakankhira m'mbali ndi chala. Loweruka masana lokha ndiye kunkakhala mpunga ndi nyama, aliyense nthuli yake.

Koma nthuliyo sinali yathu. Mtsikana aliyense wa folomu wani ankakhala ndi mwini wake wa folomu folo. Unkamuchapira, unkamutungira madzi osamba ku mjigo, ndipo Loweruka ankabwera ndi mbale yake n'kuima pambali pako, iwe n'kutsanuliramo nthuli ija. Tinkatcha zimenezi msonkho. Palibe anaulemba paliponse, ndipo palibe ankaudabwa. Mwini wanga anali mtsikana wamtali, woimba bwino m'kwaya, ndipo sindinganene kuti anali woipa mtima. Tsiku loyamba ataona ndikulengeza misozi anandisisita paphewa n'kunena kuti, "Nanenso ndinapereka. Udzadya yako ukadzafika folomu folo." Ndakula, ndagwira ntchito m'malo ambiri, ndipo paliponse pomwe ndinapeza nkhanza zokhalitsa, ndinapezanso munthu wonena mawu omwewa mokoma mtima.

Aphunzitsi athu a mbiri yakale anali ochokera cha ku Ntcheu, bambo ochepa thupi, omwe kutentha kwa kwathu kunawakana. Pofika nthawi yopuma, malaya awo oyera ankakhala atamatirira kumsana. Chitumbuka ankangodziwa "yewo" basi, ndipo ankamugwiritsa ntchito popereka moni, pothokoza, ngakhale potsanzika. Ankakhala m'kanyumba ka kuseri kwa mitengo ya mango ndi akazi awo ndi khanda.

Tsiku lina masana ankatiphunzitsa za malonda a akapolo, ife tikuwodzera. Mwadzidzidzi anasiya kulemba, anapita pakhomo, anasuzumira pakhonde uku ndi uku, n'kutseka chitseko. Tinadabwa, chifukwa m'kalasimo munali kale ngati mu uvuni. Anasiya Chingerezi n'kuyamba kuyankhula Chichewa, motsitsa mawu. Anatiuza za m'busa wina wakuda wa ku America, mdzukulu wa akapolo aja, yemwe anachita kuwomberedwa ndi mfuti. Kumeneko, anati, munthu wakuda ankanyamuka pampando m'basi kuti mzungu akhale, ndipo kunali malo odyera omwe sankaloledwa kukhalamo. M'busayo anaphunzitsa anthu ake kuti asabwezere, asadane ndi owazunza, koma asavomerenso. Akane poyera, dzuwa likuswa mtengo, ndipo akane onse pamodzi.

Mnyamata wina kumbuyo anafunsa ngati anthuwo sankamenyedwa.

"Ankamenyedwa," anatero aphunzitsi. "Koma dzanja limatopa kumenya munthu amene sakubwezera, sakuthawa, akungokuyang'ana."

Kenaka anatsegula chitseko n'kunena kuti zimenezi sizibwera pa mayeso.

Zinali zaka za chipani chimodzi. Tinkadziwa kuti za boma sizikambidwa, ndipo tinkamva za anthu amene anasowa chifukwa cha mawu omwe ananena pamowa. Koma tinali ana. Boma kwa ife linali chithunzi chopachikidwa mu ofesi ya ahedi ndi nyimbo zomwe tinkavina kukabwera alendo. M'mitu mwathu munalibe njira yochokera pa nthuli ya nyama kukafika ku boma. Ife tinangomva kuti kwinakwake anthu anakana kunyamuka pampando, ndipo tinakumbukira Loweruka.

Tinapangana ku mjigo, tikupopa madzi a eni athu. Sindikumbukira amene anayambitsa. Ndikukumbukira kuti aliyense ankayankhula akuyang'ana mumtsuko wake, ndiponso kuti wina ankangobwereza kuti osamenya, osatukwana, koma osaperekanso. Aphunzitsi sanatitume, ndipo sanadziwe n'komwe.

Loweruka lotsatira tinalandira chakudya n'kukhala m'mabenchi athu. A folomu folo anabwera monga mwa masiku onse, akucheza. Mwini wanga anatambasula mbale yake osandiyang'ana n'komwe. Ine sindinamutsanulire nthuli ija.

"Lero ayi, achemwali."

Anaseka kaye. Ataona kuti mzere wonse wakhala chimodzimodzi, manja pamiyendo, anasiya kuseka. Khofi lake linandipeza patsaya ndi pakhutu. Analanda mbale yanga n'kuimenyetsa pa simenti, mpunga unamwazika, nthuli ija inagubuduzika mpaka pansi pa tebulo. Ndinawerama, ndinatola mbaleyo yopanda kanthu, ndinaiika patsogolo panga n'kukhalanso. Khutu linkalira. Makofi ankamveka uku ndi uku, ena mwa ife misozi ikutsika, koma palibe anadzuka, palibe anabwezera. Ophika anatuluka kukhitchini ndi zipande m'manja n'kungoima. Pang'onopang'ono phokoso linazirala, mpaka munangotsala kulira kwa malata. Mwini wanga anayang'ana dzanja lake, kenaka anayang'ana ine, ndipo anali iye amene anayamba kuyang'ana kumbali.

Ahedi anaitanidwa, ndipo zonse zinaululika. Anachita manyazi kwambiri, chifukwa zinkachitika pakhomo pawo penipeni. Lolemba pa asembule analetsa msonkho uja, ndi kuchapirana komwe. Sanafunse kumene tinatenga nzeru zimenezi, ndipo lero ndimaganiza kuti anachita dala kusafunsa. Madzulo a Loweruka lomwe lija ndinakumana ndi aphunzitsi aja panjira ya ku mjigo. Ndinaima monyada kuti aone tsaya langa lotupa. Analiyang'ana, anayang'ananso kumbuyo kwawo, n'kungofunsa kuti, "Munadya koma?" Nditati ayi, anagwedeza mutu n'kupitirira. Zinandiwawa. Ndinkayembekeza kuti andiyamikira, koma pankhope pawo ndinangoonapo mantha.

Amalume atabwera kudzandiona ndi nthochi ndi mtedza, tsaya linali lisanaphwe. Anafunsa, ndipo ndinawafotokozera zonse, kuyambira pa chitseko chotsekedwa chija. Anadzimenya pantchafu, anaseka, anandiuza kuti ndibwerezenso pomwe ndinatola mbale. Pochoka ananena kuti munthu wotere sathokozedwa pamseu ngati wakubwereka pampu ya njinga.

Kumapeto kwa Novembala kunali tsiku la makolo. Mitambo inali itayamba kuunjikana kumapiri koma mvula osagwa. Mabenchi anaikidwa pansi pa mitengo ya mango. Kutsogolo kunakhala ahedi, akuluakulu a chipani ndi alendo ena ochokera ku boma, ndipo m'mbali munaima anyamata achipani a malaya ofiira. Tinaimba, tinavina, mphoto zinaperekedwa. Pomaliza anati ngati pali kholo lofuna kuyankhula liyankhule. Amalume anali ataimirira kale, chipewa chili m'manja.

Anayankhula Chichewa, chomwe chinkawavuta, kuti aphunzitsiwo amve kuthokozako m'chinenero chawo.

"Ine nawonga chomene asambizgi aŵa a mbiri. Imirirani, aphunzitsi, ŵanthu akuoneni. Ŵana ŵithu anali ndi mantha pano. Aŵa anatseka chitseko, anawaphunzitsa nkhani ya ku America, kuti wamkulu akakupondereza usaope, mukane nonse pamoza. Sono ŵana ŵithu saopanso akuluakulu. Aphunzitsi otere achuluke m'dziko muno."

Anthu anayamba kuwomba m'manja, koma kuwombako kunafera m'njira. Ine ndinapitiriza ndekha mpaka mnzanga anandigwira mkono. Aphunzitsi anali ataimirira, popeza anaitanidwa, manja ali lende. Mmodzi wa alendo akutsogolo anapendekera kwa mnzake n'kumunong'oneza kanthu. Ahedi anafulumira kuitana pemphero lotsekera. Amalume anakhala pansi akumwetulira, akupukuta thukuta ndi chipewa chija.

Pasanathe sabata, galimoto ya boma inaima pafupi ndi ofesi nthawi ya maphunziro a m'mawa. Aphunzitsi anali m'kalasi mwathu. Mlonda anabwera kudzawaitana. Anaika choko patebulo, anasasa manja, n'kutiuza kuti tikopere zomwe zili pabolodi, abwera. Chiganizo chomaliza chinali chisanathe, ndipo tinasiya mpata m'makope mwathu. Tsiku lotsatira ahedi analengeza kuti aphunzitsi a mbiri asamutsidwa. Tinakhulupirira. Ine ndinafika podandaula kuti munthu angachoke bwanji osatsanzika. Komatu akazi awo ndi khanda anali akadali m'kanyumba kaja, ndipo akazi a aphunzitsi ena anayamba kudzera njira ina popita ku mjigo.

Zoona zake ndinazimva ndili mayi wa ana, zinthu zitasintha m'dziko muno. Anawasunga m'ndende zaka zambiri osawazenga mlandu. Anatuluka maso atawonongeka, sanagwirenso choko, ndipo anakamwalirira kumudzi kwawo. Sindinawaonenso chichokere m'kalasi muja. Ndikaganiza kuti zonsezi zinayambira pa nthuli yosakwana n'chikhatho chomwe, mtima umandiwawa mpaka lero.

Mdzukulu wanga ali folomu wani chaka chino. Chithunzi cha m'busa uja chili m'buku lake, ndipo amalemba za iye chitseko chili chotsegula. Koma atabwera ku holide ndinaona manja ake atasupuka, ndipo nditamupanikiza anavomera kuti amachapira wina wa folomu folo. Ndinamutulutsira mbale ija n'kumuuza kuti zimatheka, ndinaziona ndi maso anga, ana osabwezera anagonjetsa makofi. Anandifunsa kuti nanga aphunzitsiwo anawapatsa mphoto yanji. Ndinamuuza zoona, chifukwa si bwino kuphunzitsa mwana kulimba mtima n'kumubisira kuti nthawi zina amene amapwetekeka ndi wina.

Tsiku lotsekera sukulu chaka chija mvula yoyamba inali itagwa. Dothi linkanunkhira, ngumbi zili ponseponse. Amalume anabwera kudzanditenga ndi thumba la mpunga pa njinga, koma sanayambire ku hositelo. Anandiuza kuti ndiwalondolere kunyumba kwa aphunzitsi. Atafika sanakwere pakhonde. Anavula chipewa n'kunjuta m'matope momwemo. Akazi a aphunzitsi anatuluka, khanda lili kumsana, m'nyumbamo mukuoneka katundu womangamanga. Amalume anayankhula, koma munthu wa mawu aakulu uja ndinalephera kumumva ndili pafupi pomwepo. Mayiwo sanawapatse mpando. Anayang'ana pamwamba pa mutu wawo kwa nthawi yaitali.

"Munathokoza kale, bambo," anatero. "Tonse tinamva."

Analowa n'kutseka chitseko. Amalume anasiya thumba lija pakhonde. Njinga sanaikwere, anangoikankha, sutikesi yanga ili pakaliyala, mbale ija ikulira m'kati mwake. Ine ndinkatsatira pambuyo nditapsa mtima. Ndinawauza kuti mayi aja alibe ulemu, munthu kuwabweretsera mpunga wonsewo osanena ndi zikomo yemwe. Anangopitiriza kukankha njinga mpaka tinafika pamsewu waukulu.

Titafika kunyumba, amayi anawapatsa madzi akumwa. Anamwa n'kubweza kapu. Ndinadikira, ndikudziwa kuti mudzi wonse umva tsopano kuti mlongo wawo ndi mkazi wa ulemu, koma kunali zii. Ndinaseka n'kuwafunsa ngati dzino likuwawawa. Amayi ananditsina pantchafu mwamphamvu, ndipo nditawayang'ana ndinaona kuti akulira. Amalume anakhala zaka zina zambiri, koma sindinawamvenso akuthokoza munthu pagulu. Holide yonse ija ine ndinkauza anzanga kuti amalume anakwiya chifukwa mayi aja sanathokoze mpunga.