Anayamba Ndi Iwo Kundipepesa

Pachipatala chathu chaching'ono cha ku Mkanda anamwino tinalipo awiri, ine mwana wa konkuno ndi anzanga ochokera ku Mulanje. Zinali zaka zoyambirira za matipate, maliro akungotsatizana m'midzimu.

A inichaji athu sanali munthu wankhanza ayi, koma mantha. Galimoto ikangomveka kumsewu, iwo thukuta kamukamu, ati akuluakulu a kuboma abwera kudzayendera. Ndiye anaika lamulo loti namwino mmodzi akachoka, winayo asasunthe, kaya kugwe chiyani.

Lamulolo linkakomera ine. Kwathu kunali kongopalasa njinga, ndipo pakamwa popemphera chilolezo ndinali napo. Kukangomveka zovuta, ngakhale chibale chake chikhale chokokera, ine chitenje m'chiuno, ulendo. Kuno ukajomba maliro anthu amakunena mpaka kuchigayo. Anzangawo ankangoti, "Pitani achemwali, odwala ndiwaona."

Tsiku lina ndinapita kwa Guilleme kukaika apongozi a msuweni wanga, agogo oti sindinawaonepo ali moyo. Titaika ndinatsalira kuti ndikhale nawo anamfedwa. Kunena zoona, ndinkapumulako. Ndinabwerera mosafulumira, kathumba ka mtedza pakaliyala wa njinga.

Nditafika, anzangawo anatuluka m'chipinda cha amayi oyembekezera maso ali psuu. Ndinayesa n'kutopa. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, nawerama.

"Pepani ndi zovuta, achemwali. Mwaika bwino?"

Ndinayankha ngati namfedwa weniweni, mpaka kuusa moyo.

Anandiuza ndi a inichaji, akuyang'ana pansi. Tsiku lomwe ndinachokalo uthenga unabwera pawailesi ya chipatala kuti mayi a anzangawo amwalira. Anzangawo anapempha mpaka kugwada, koma anauzidwa kuti adikire ndibwere. Zotuma munthu kudzanditenga a inichaji anakana, ati munthu sachotsedwa pamaliro. Ku Mulanje anadikira, atatopa anaika.

Kuyambira pamenepo anzangawo anasiya kung'ung'udza nyimbo zakwaya posambitsa makanda. Ankaiwala pomwe aika makiyi, n'kumaonda tikuwaona. Dzinja lisanafike anasiya ntchito.

Lamulolo sindinaike ine, ndipo za uthengawo sindinadziwe. Ndimadziuza zimenezo, koma mtima sumva, umandiluma mpaka lero. Munthu woti mayi ake aikidwa iye kulibe anawerama kundipepesa, ine n'kuyankha kuti zikomo, taika bwino.