Tinathawa Tonse, Mlandu ndi wa Teleza

Lachiwiri lapitali ndinathamanga liwiro loti sindinalionepo chipumireni pa ntchito ya uphunzitsi. Musandifunse chomwe chinkandithamangitsa, chifukwa nanenso sindinkachidziwa.

Ndinkapita kukazonda mlongo wanga kumudzi wina m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni. Ndili m'kanjira, ndinangomva tchire likuphwanyika, kenaka amayi okatola nkhuni balamanthu, wina mpango kumanja, wina akukhwekhwereza chitenje. Lamulo lawo ndi lodziwika: mnzako akathawa iwenso thawa, mafunso ukafunsira kunyumba. Paja alonda a nkhalango akakupeza amalanda nkhwangwa.

Tsono ine ndinalibe nkhwangwa, ndinalibe mtolo. Ndinali ndi jekete ndi kajumbo ka buledi. Koma miyendo sinadikire kuti mutu uganize. Ndinangozindikira ndili patsogolo, ndikupitirira ngakhale atsikana.

Apa mpamene zinaipira. Anthu a m'madimba ataona bambo waimvi, wajekete, akuliyatsa liwiro, anati basi kwagwa zazikulu. Anataya makheni othirira nayamba kutitsatira. Pofika pachigayo, nkhani inali ya alonda amfuti. Pofika pamjigo, anali fisi wolusa. Bambo wina ankachita kulumbira kuti wamuona ndi maso ake, chikhalirecho iye amachokera mbali ina.

Mantha a gulu ndi otero, abale anga. Safuna umboni, msana wa mnzako ndi wokwanira. Wam'mbuyo amaganiza kuti wakutsogolo akudziwa, pamene wakutsogolo akuthamanga chifukwa akumva mapazi kumbuyo. Si mmene timachitiranso tikangomva pafoni kuti kwinakwake kwafika anamapopa?

Tili wefuwefu pabwalo, mtsikana wina wobwera pachitengwa m'mudzimo, dzina lake Teleza, anagwira kumsana. Kunalibe kanthu. Mwana wake woyamwa anali atamugoneka patsinde pa msuku kuti amange mtolo.

"Mayo ine, mwana wanga!" anakuwa Teleza.

"Azibambo inu, tiyeni msanga!" anatero mayi wina.

Azibambofe tinayang'anana. Wina anati akatenge kaye chikwanje, wina anati za fisi sizifuna phuma. Ine ndinatanganidwa kwambiri ndi zingwe za nsapato. Teleza sanadikire. Anabwerera yekhayekha, kulunjika komwe tonse tinkakhulupirira kuti kuli chilombo.

Anabwera mwana ali kubere, wosakandika n'komwe. Pambuyo pake panali a Nachisale, mmodzi wa amayi otola nkhuni aja, omwe anayambitsa zonsezi. Mayiwa anaponda linthumbu, atalumidwa anakuwa, nathamangira kuseri kwa mwala kukakutumula zovala. Anzawo atamva kukuwako anaganiza kuti alonda afika. Potuluka anadabwa kupeza mitolo yokhayokha, anzawo kulibe.

Mukuganiza kuti tinaseka nkhani n'kuthera pomwepo? Ndiye kuti anthu simukuwadziwa. Gulu likachita manyazi limafuna munthu woti awasenze. Dzuwa lisanalowe za fisi zinali zitaiwalika, pakamwa pa aliyense panali "mayi wotaya mwana". Otsogolera nyimboyi ndi apongozi ake a Teleza, amene nawonso anali kunkhuni komweko, ndipo anadutsa pamsuku womwewo mwamphamvu mpaka kusiya patapata.

"Mkazi wamtundu wanji woiwala mwana ngati chikho?" ankatero pakhonde, mokweza kuti tonse timve. "Azipita kwawo ameneyu. Mdzukulu wangayu ndilera ndekha."

Apongoziwo aitanitsa ankhoswe Loweruka likudzali, ndipo banja la mtsikanayu lili m'madzi. Nanenso andiitana kuti ndikakhale mboni, ati popeza ndine wophunzira ndinaona bwino. Kunena zoona, nkhaniyi yandiwawa mtima, ndipo ndakwiya.

Ndipita ndithu. Ndikanena zomwe ndinaona, ngakhale zambiri ndinaziona mocheuka. Ndinaona mudzi wathunthu ukuthawa chinthu chomwe kunalibe, ndipo ndinaona munthu mmodzi yekha akubwerera kukakumana nacho. Tsono ankhoswewo akandiuze: pabwalopo woyenera kuweramitsa mutu ndani?