Ndamuonongera Tadala nyenyezi

Mwaswera bwanji nonse.

Tikuchokera ku Lilongwe ndi a Sande sukulu, panopa basi yaima pa Lizulu. Amalume, foni yanu ili bwinobwino, koma ndalakwitsa nayo chinthu.

Kumalo osewerera ana kumene tinapita kuli kasitima kolowa m'chinyumba chamdima. Pakhomo, abambo oyendetsa anati, "Musayatse chilichonse m'katimo." Ndinamva ndithu. Ndinakhala ndi mng'ono wanga Tadala, atandigwira dzanja.

M'katimo munali nyenyezi zambirimbiri zikuyenda pamwamba pathu. Tadala ananong'ona, "Achemwali, tafika kumwamba?" Ine ndinafuna kuti amayi adzaone nawo, ndiye ndinajambula. Sindinayang'ane kuti fulashi, nyale ya kamera ya foniyo, inali yoyatsa.

Kunangoti ng'anii! Tonse tinaona chipepala chakuda chapulasitiki, mawaya, ndi timababu tomangidwa ndi ulusi. Amayi ena kumbuyo anakuwa, "Iwe mtsikana, takulakwira chiyani ife?" Ndinachita manyazi.

Mdima unabwerera, nyenyezi zija n'kuyambanso kuwala, koma Tadala sanayang'anenso m'mwamba. Anasiya dzanja langa n'kunena chapansipansi, "Ndi mababu chabe."

Chithunzicho sinditumiza. Mulibe nyenyezi ngakhale imodzi, muli mawaya okhaokha.

Ndamupepesa kawiri, ndamupatsa chipisi changa, wakana. Wangotsamira pawindo. Posachedwapa wandifunsa ngati nyenyezi za kwathu ku Mlangeni nazonso zili ndi mawaya kumbuyo. Ndati ayi, koma sanandiyang'ane n'komwe.

Amayi, azakhali, ndimuuze chiyani kuti andikhulupirire?